Kamba wa m'dzira: mphamvu imene mwana amalandira kwa mayi ake okha

Ku Tafara ndi ku Mabvuku, kummawa kwa mzinda wa Harare, kuli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata. Ena adabwera pa malole a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi, ndipo ambiri adapeza ntchito m'nyumba za ku Highlands ndi ku Greendale kapena pa fakitale ya simenti ya ku Manresa. Adadza ndi chiyankhulo chawo, gule wamkulu, komanso mwambo wakuti mwana ndi wa kuchikazi ndipo mwinimbumba ndi atsibweni ake. Kuno adapeza anzathu Achishona, amene mwana amatsata mutupo wa bambo ake. Lero zidzukulu za mbali ziwirizi zidakwatirana, ndipo funso lakuti mwana ndi wa kuti limabukabe pa maliro ndi pa zinkhoswe.

Koma pali nthawi imodzi imene miyambo iwiriyi imagwirizana msanga, ndiyo pamene mwanayo palibe. Chaka chikatha ukwati utachitika, kenaka chachiwiri, maso onse amatembenukira kwa mkazi. Amamutcha wouma kapena chumba. Apongozi amayamba kuyankhula zokuluwika, ndalama za pakhomo zimathera kwa asing'anga ndi kwa aneneri, ndipo mapeto ake mayi amalongedza katundu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake. Apa ndiye kuti palibe mpingo, kalabu ya alimi kapena gulu la chipereganyu lomwe mulibe munthu amene wasenza mtolo umenewu mwakachetechete.

Mwezi uno, okondedwa awerengi, tilowe m'kati mwa dzira lenilenilo la mayi, tione chimene chimalipatsa mphamvu yoti likhwime. Mlangizi amene wamvetsa zimenezi amatha kuyankha mafunso a banja losweka mtima popanda kuloza chala munthu, ndipo mlimi amapezamo chifukwa chimene ng'ombe yake imadumphira chaka osatenga bere.

Timbaula ta m'thupi

Thupi la munthu, la mbuzi ngakhale phesi la chimanga lidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa pafupifupi selo iliyonse muli tinthu tina tochepetsetsa tomwe katswiri wa ku Germany, Carl Benda, adatipatsa dzina lakuti maitokondiriya mu 1898. Tingawayerekeze ndi mbaula. Nsima, nyemba ndi mafuta zimene timadya ndiwo makala, mpweya wa okosijeni umene timapuma ndiwo umakoleza moto, ndipo mphamvu yotulukapo imasungidwa m'kanthu kotchedwa ATP, komwe kali ngati kabatire kotchajidwa. Mtima ukamagunda, mwendo ukamaponda, selo ikamagawikana, zonsezi zimalipiridwa ndi ATP. Munthu wamkulu amatchaja ndi kugwiritsa ntchito ATP wolemera pafupifupi ngati thupi lake lomwe tsiku lililonse.

Alimi adaziona kale zotsatira za kuzima kwa timbaulati, ngakhale dzina lake sadalimvepo. Katupe akathiridwa m'dziwe, nsomba zimayandama chifukwa mankhwala a mtundu wa rotenone amatseka maitokondiriya. Poizoni wa m'chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino amachita chimodzimodzi, ndipo mapilitsi ofukizira chimanga m'nkhokwe amapha anankafumbwe mwa njira yofananayo. Nawo alangizi a zaumoyo amene adagwira ntchito m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira odwala amene ankamwa ma ARV okhala ndi stavudine, momwe ena ankadandaulira dzanzi kumapazi ndi kuphwa masaya. Mankhwalawo ankasokoneza maitokondiriya, ndipo mu 2009 WHO idalangiza maiko kuti awasiye. Ma ARV a masiku ano ndi ena, choncho pasapezeke wosiya kumwa chifukwa cha nkhani ino.

Mbaula iliyonse ili ndi utsi wake. Pamene maitokondiriya akuotcha chakudya amatulutsanso tizinyalala taukali timene timatha kuwononga selo pang'onopang'ono, monga momwe mwaye umadetsera denga la khitchini. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndiyo ikufotokoza zambiri za moyo wa dzira.

Dzira limadikira zaka zambiri

Mwamuna amapanga mbewu yatsopano nthawi zonse, ndipo mbewu iliyonse imatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka kuti ikhwime. Kwa mkazi zinthu n'zosiyana. Mwana wamkazi ali m'mimba mwa mayi ake, pa mwezi wachisanu, amakhala ndi mazira pakati pa 6 ndi 7 miliyoni. Pobadwa amakhala atatsala pakati pa 1 ndi 2 miliyoni, ndipo pomatha msinkhu amatsala pafupifupi 300,000 mpaka 400,000. Mwa onsewa, ndi 400 kapena 500 okha amene adzakhwime ndi kutuluka m'thumba la mazira kufikira pamene mayiyo adzasiye kusamba. Tinganene kuti dzira limene lidapanga inu amene mukuwerenga lidayamba kuumbika m'mimba mwa agogo anu akuchikazi, pamene mayi anu adali asanabadwe.

Ndiye kuti dzira lotuluka mwa mayi wa zaka 38 ladikira zaka 38 zathunthu. Nanga limapulumuka bwanji ku utsi wa mbaula zake nthawi yonseyi? Yankho lina lidachokera ku Barcelona m'dziko la Spain, komwe gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Elvan Böke lidalengeza mu 2022 zimene lidapeza m'mazira osakhwima a achule ndi a anthu. Mazira ogonawa amasiya kugwiritsa ntchito gawo loyamba la makina a maitokondiriya, lotchedwa Complex I, lomwe ndi limodzi mwa magwero aakulu a tizinyalala taukali tija. Ndi nzeru yomweyo ya amayi a kumudzi amene amakwirira moto ndi phulusa usiku: suzima, koma sutha nkhuni ndipo sufuka utsi, kufikira mmawa pamene adzaukoleze.

Moto ukakolezedwa

Mwezi uliwonse mazira angapo amadzuka m'tulo n'kuyamba kukula. Ulendowu ndi wa miyezi yambiri, ndipo gawo lake lomaliza limatenga pafupifupi miyezi itatu. Pa nthawiyi dzira limachulukitsa maitokondiriya ake kufikira atapitirira 100,000, pamene maselo ena a thupi amakhala ndi mazana kapena masauzande ochepa chabe. Dzira lokhwima limakula ngati kadontho ka nsonga ya singano, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, komabe ndi imodzi mwa maselo aakulu kwambiri m'thupi la munthu.

Dzira silidziphikira lokha. Lidazunguliridwa ndi maselo ena ang'onoang'ono amene amalandira shuga kuchokera m'magazi, n'kumuphwanya, n'kulipatsira dziralo chakudya chofewa kale, monga momwe anamkungwi amasamalirira namwali ali m'tsimba. Zimene zili m'magazi a mayi pa miyezi imeneyi, kaya chakudya chokwanira, kaya shuga wochuluka, kaya poizoni wa fodya, zimafika pa khomo la dzira.

Ntchito yaikulu imachitika m'maola pafupifupi 36 omaliza dzira lisanatuluke. Selo iliyonse ya munthu ili ndi timitolo 46 ta malangizo a chibadwa, totchedwa makromozomu. Kuti mwana adzakhale ndi 46, dzira liyenera kutsala ndi 23 okha, ena 23 adzachokere kwa bambo. Choncho dzira limaluka timaulusi timene timakoka timitoloti, theka mbali ino theka mbali inayo, ndipo theka losafunikalo limatayidwa kunja m'kathumba kakang'ono. Pa nthawiyi maitokondiriya amasonkhana mozungulira timaulusito kuti apereke ATP pafupi. Wokhala ku Tafara amadziwa zimene zimachitika magetsi akazima chigayo chili m'kati mogaya: mgaiwa umatuluka wosalala mbali ina, misere mbali ina. Mphamvu ikaperewera m'dzira, kagawidwe ka timitolo kakhoza kusokonekera, dzira n'kutsala ndi 22 kapena 24.

Mbewu ya bambo ikalowa, maitokondiriya amathandizanso kuwongolera kukwera ndi kutsika kwa mchere wa kashiamu m'dzira, komwe ndi chizindikiro cholidzutsa kuti liyambe kugawikana.

Kamba wa paulendo

Dzira likakumana ndi mbewu ya bambo, limayamba ulendo wa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi kudutsa m'chubu kupita m'chiberekero. Likugawikana kukhala maselo awiri, anayi, asanu ndi atatu, mpaka kupitirira zana. Pa masiku onsewa silichulukitsa DNA ya maitokondiriya ake, koma limangogawira maselo atsopanowo aja lidasonkhanitsa kale. Ndi kamba wa paulendo amene mayi adamanga m'phukusi miyezi itatu yapitayo. Kamba akachepa kapena akakhala wowonongeka, ulendo ukhoza kuthera panjira mayi asanadziwe n'komwe kuti china chake chidayambika.

Nayo mbewu ya bambo ili ndi maitokondiriya ake, osakwana zana, amene amayendetsa mchira wake posambira. Koma ikangolowa m'dzira, maitokondiriya amenewa amawonongedwa. Choncho maitokondiriya onse a m'thupi lanu adachokera kwa mayi anu, iwonso kwa mayi awo, mzere umodzi wa kuchikazi. Akatswiri adatsimikiza zimenezi pa anthu mu 1980. Maitokondiriya ali ndi DNA yawoyawo, ya majini 37, imene idawerengedwa yonse ku Cambridge mu 1981. Mu 1987, Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson adayerekeza DNA imeneyi mwa anthu 147 a m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, ndipo adapeza kuti mizere yonse ya kuchikazi imakakumana mwa mayi mmodzi amene adakhala mu Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sadali mkazi yekhayo pa nthawi yake, koma ndi mzere wake wokha wa ana aakazi umene sudaduke. Nthambi zakale kwambiri za mzerewu zikupezeka mwa anthu a mitundu ya San ndi Khoe kummwera kwa Africa kuno.

Wa kuchikazi asathamangire kuimba nthungululu kuti mlandu wa pa chinkhoswe uja watha. Majini 37 ndi ochepa poyerekeza ndi majini pafupifupi 20,000 a m'makromozomu, amene mwana amalandira theka kwa mayi, theka kwa bambo. Mwana ndi wa onse awiri. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti mphamvu yoyambira moyo imakonzedwa m'thupi la mayi mimba isanayambe, ndipo kusamalira mayi kuyenera kuyamba pamenepo, osati pa tsiku loyamba sikelo.

Zaka zikamapita

Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu ya chimanga yogonera zaka zitatu simera ngati ya chaka chatha, ngakhale maonekedwe ake akhale abwino. Mazira nawo amatero. Kuyambira zaka za m'ma 35 chiwerengero chawo chimatsika mofulumira, maitokondiriya ake amapereka mphamvu yochepa, ndipo zomangira zimene zimagwirizira timitolo tija zimakhala zitafooka. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana, mazira ambiri amatuluka ndi chiwerengero cholakwika cha makromozomu.

Zotsatira zake zimaoneka m'njira zitatu. Poyamba, mimba imachedwa kubwera. Chachiwiri, kupita padera kumachuluka. Kafukufuku wamkulu wa ku Norway wa mu 2019 adapeza kuti mwa amayi a zaka 25 mpaka 29, mimba 10 mwa 100 zilizonse zidapita padera, pamene mwa amayi a zaka 45 kupita mtsogolo zidali 53 mwa 100. Chachitatu, mwayi wobereka mwana wa Down syndrome, amene amakhala ndi kromozomu imodzi yoonjezera, umakwera kuchoka pa mwana mmodzi mwa ana oposa 1,000 kwa mayi wa zaka 25, kufika pa mmodzi mwa pafupifupi 100 kwa mayi wa zaka 40. Palibe mwa zimenezi chimene chimadza kaamba ka ufiti, kutsempha mwambo kapena chimasomaso cha mayi. Ndipo tisaiwale kuti amayi ambiri a zaka 40 amabereka ana athanzi.

Mfundo ya zakayi isasandutsidwe chikwapu chothamangitsira atsikana ku banja. Mtsikana wosakwana zaka 18 thupi lake silinakhwime, ndipo uchembere umamuika pa chiopsezo cha fistula ngakhale imfa. Khoti loona za malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe lidaletsa maukwati a ana mu Januwale 2016, ndipo Malawi idasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti zaka zokwatira zikhale 18. Pakati pa zaka 20 ndi 35 pali nthawi yokwanira sukulu, ntchito ndi banja lomwe.

Zimene tingathe kuteteza

Zaka sitingazibweze, koma pali zina zimene zili m'manja mwathu. Choyamba ndi fodya. Utsi wake umapha mazira, ndipo amayi osuta amasiya kusamba chaka chimodzi kapena kuposerapo msanga kusiyana ndi anzawo. Bambo wosutira m'chipinda chimodzi chimene banja lonse limagona amasutitsanso mkazi wake, kwinaku akufooketsa mbewu yake yomwe.

Chachiwiri ndi matenda a shuga ndi kunenepa kopitirira muyeso, zomwe zikuchuluka m'matauni athu. Kafukufuku pa mbewa za m'malabotale waonetsa kuti zinthu ziwirizi zimasokoneza maitokondiriya a m'mazira ndi kagawidwe ka makromozomu. Mayi wa matenda a shuga amene akufuna mwana ayambe waonana ndi achipatala kuti shugayo atsike mimba isanabwere. Kuwonda kwambiri nakonso kumaimitsa msambo, chifukwa thupi losowa chakudya limayamba lateteza moyo wa mwini wake.

Chachitatu ndi chakudya. Timbaulati timafuna ayironi ndi mavitamini a gulu la B kuti tiyake bwino. Nsima ya ufa woyera yokha sikwanira. Umboni udaoneka mu 1989 ndi 1990 pamene anthu masauzande ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ankakhala m'misasa ya ku Malawi, adadwala matenda osupula khungu a pelagra mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Nyemba, nsawawa, khobwe, matemba, mazira, chiwindi, bonongwe, chisoso ndi nkhwani ndi zakudya zotsika mtengo zimene zimadzaza mpatawu. Kuyambira mu Julaye 2017, lamulo la Zimbabwe limafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale, shuga ndi mafuta ophikira zikhale zothiridwa michere yoonjezera. Koma banja limene limagayitsa chimanga cha m'munda wake silipeza michere imeneyi mu ufa wake. Mayi amene akukonzekera mimba apemphe mapilitsi a folic acid ku kiliniki ndi kuyamba kumwa mimba isanabwere, chifukwa amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira.

Chachinayi ndi mankhwala a kumunda ndi m'nkhokwe. Mayi amene akufuna mimba kapena ali woyembekezera asasakanize kapena kupopera mankhwala. Mapilitsi ofukizira chimanga asaikidwe m'matumba amene ali m'chipinda chogona, ndipo zigubu za mankhwala zisasandutsidwe zotungira madzi, ngakhale madzi avute chotani monga amavutira ku Tafara ndi ku Mabvuku.

Vuto si dzira nthawi zonse

Mlangizi asatenge nkhani ya maitokondiriya n'kuyamba kufotokozera nayo kusabereka konse. Kuno kwathu choyambitsa chachikulu mwa amayi chakhala kutsekeka kwa machubu. Kafukufuku wa WHO wa mu 1985 adapeza kuti mwa amayi a mu Africa amene adapimidwa chifukwa cha kusabereka, oposa 85 mwa 100 alionse vuto lawo lidachokera ku matenda opatsirana. Chinzonono ndi chlamydia zosachizidwa, mabala obwera pochira m'malo opanda ukhondo kapena pochotsa mimba mobisa, komanso likodzo, zimasiya zipsera m'njira ya dzira. Dzira likhoza kukhala langwiro, koma njira yake ndi yotsekeka. Matenda amenewa amachizika akapezeka msanga, ndipo onse awiri, mwamuna ndi mkazi, ayenera kulandira mankhwala.

Komanso pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, vuto limakhala kwa mwamuna yekha kapena kwa onse awiri. Mwamuna akhoza kukhala wamphamvu kuchipinda koma mbewu yake ili yochepa kapena yosatha kusambira. Kupima umuna n'kosavuta, n'kotsika mtengo ndiponso n'kosapweteka poyerekeza ndi kupima machubu a mayi, choncho nzeru ndi kuyambira kwa bambo. Njira yakale yolowetsa fisi m'nyumba mwachinsinsi imabweretsa HIV ndi matenda omwe aja otseka machubu.

M'khola namonso

Zimene tafotokozazi zimachitikanso mwa ziweto za abale athu a ku Goromonzi, ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia. Ng'ombe yaikazi imafuna nkhunzi masiku 21 alionse, koma dzira limene imatulutsa limakhala litakula kwa miyezi iwiri kapena itatu. Dzira lotuluka mu Disembala kapena mu Januwale, msipu utabiriwira, lidamanga kamba wake mu Okutobala, pamene dzuwa lidali kuswa mtengo, udzu utauma ndipo ng'ombeyo nthiti zili pamtunda. Akatswiri a ku Israel adaonetsa kuti kutentha kumawononga maitokondiriya a m'mazira a ng'ombe za mkaka, ndipo ng'ombezo zimavutikabe kutenga bere kwa miyezi ingapo nyengo yotentha itatha. N'chifukwa chake chilala, monga cha El Niño chimene chidachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi mu 2024, chimachepetsa ana a ng'ombe ngakhale mvula itabwerera.

Mlimi wanzeru amasunga mapesi a chimanga, masangwi a mtedza ndi udzu wouma kuti adyetse ng'ombe zazikazi kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Amabzala mitengo ya mthunzi pafupi ndi khola, amaonetsetsa kuti madzi alipo, ndipo salimitsa ng'ombe yaikazi imene akufuna kuti itenge bere. Mbuzi zazikazi zikapatsidwa chakudya choonjezera, monga madeya ndi masamba a lukina, kwa masabata awiri kapena atatu zisanakwere tonde, zimatulutsa mazira ochuluka ndipo mapasa amachuluka. Nkhunzi ndi tonde nazo zimafooka mbewu zikatenthedwa kapena zikawonda, choncho ng'ombe yaikazi isagulitsidwe kwa opha nyama nkhunziyo isanaunikidwe.

Oweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Tafara ali ndi mwayi woona dzira ndi maso. Yolk yachikasu ija ndiyo selo ya dzira, ndipo kadontho koyera kamene kali pamwamba pake ndi pamene mwanapiye amayambira. Thadzi limadzaza chikasucho m'masiku osapitirira khumi, choncho likasowa madzi kapena likatenthedwa m'khola la malata, kuikira kumatsika msanga. Mazira ofungatiritsa asasungidwe kupitirira sabata imodzi, chifukwa akagonera ambiri amasukusa.

Chenjerani ndi amalonda

Pamene pali misozi, amalonda sachedwa kufika. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali otsatsa mapilitsi ndi tiyi amene amati amatsitsimutsa mazira kapena kutsuka chiberekero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala a coenzyme Q10 adathandizadi mazira a mbewa zokalamba pa kafukufuku wa ku Toronto wa mu 2015, koma mbewa si munthu, ndipo palibe pilitsi limene latsimikizika kuti limabwezeretsa unyamata wa mazira a mayi. Njira ina yodula kwambiri, yobaya m'dzira maitokondiriya otengedwa m'thumba la mazira la mayi yemweyo, idayesedwa ku Valencia m'dziko la Spain, ndipo zotsatira zake za mu 2019 zidaonetsa kuti sidathandize.

Pali ntchito ina yoona imene amalondawa amabisalako. Dziko la Britain lidavomereza mu 2015 njira yosamutsa makromozomu a mayi ndi bambo n'kuwaika m'dzira la mayi wina lokhala ndi maitokondiriya angwiro, ndipo mu Julaye 2025 madokotala a ku Newcastle adalengeza kuti ana asanu ndi atatu adabadwa mwa njirayi. Koma cholinga chake ndi kuteteza ana ku matenda oopsa a maitokondiriya oyenda m'mzere wa kuchikazi, osati kuchiza kusabereka kobwera ndi zaka. Njira ya IVF, yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, imene idabereka Louise Brown mu 1978, ikupezeka m'zipatala zolipira ku Harare ndi ku Bulawayo. Imathandiza kwambiri amayi otsekeka machubu, koma mtengo wake ndi madola masauzande angapo, ndipo nayonso mwayi wake umatsika zaka za mayi zikamakwera.

Ntchito ya mlangizi

Banja limene lakhala chaka chathunthu likugonana mosadziteteza popanda mimba liyenera kupita kuchipatala, ndipo ngati mayi wapitirira zaka 35 lisadikire kuposa miyezi isanu ndi umodzi. Apa ndi pamene nkhani ya dzira ikutikhudza kwambiri: zaka zitatu kapena zinayi zimene banja limataya likuzungulira kwa asing'anga ndi aneneri ndi zaka zimene mazira sadzazipezanso. Wa ku Tafara ayambire ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lake kapena ku Mabvuku Polyclinic, komwe angathe kumutumiza ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital. Apite onse awiri.

Mlangizi aphunzitse amayi kulemba masiku a msambo pa kalendala kwa miyezi itatu asanakaonane ndi dokotala. Afotokoze kuti dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, kuti limakhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, pamene mbewu ya bambo imatha kudikira mpaka masiku asanu. Mabanja amene bambo amagwira ntchito ku Johannesburg kapena ku migodi n'kumabwera kawiri pachaka nthawi zina alibe matenda alionse, koma masiku awo sakumana.

Nkhaniyi ifikenso kwa amene amaweruza za m'banja: ankhoswe, atsibweni, anamkungwi, azitete a mbali ya Chishona, atsogoleri a mipingo ndi a misikiti. Iwowa ndiwo amanena mawu omaliza ngati mkazi akhale kapena apite. Nkhoswe imene ikudziwa kuti theka la mavutowa limakhudza mwamuna, kuti machubu amatsekeka ndi matenda ochizika, ndiponso kuti kupita padera kawirikawiri kumayambira pa kagawidwe ka makromozomu komwe palibe munthu angakalamule, idzayamba yafunsa ngati awiriwo adakapimitsa isanatchule za kusudzulana. Safunsa adadya phula. Pa msonkhano wanu wotsatira wa kalabu kapena wa komiti ya zaumoyo, patulani mphindi makumi awiri za nkhani imeneyi, ndipo muonetsetse kuti abambo nawo akhalapo.